Kusanja ndi kukonza pepala la kafukufuku la chaka chomaliza: momwe ntchito yayendera

Zolemba izi ndi za ntchito imene ndagwira limodzi ndi wophunzira wina wa chaka chomaliza pa yunivesite, amene anali atamaliza kulemba kafukufuku wake koma pepalalo linali lisanafike poti n'kuperekedwa. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti mfundo ndi mawu onse ndi zake, ndipo mbali yanga inali yomuthandiza kuona dongosolo la machaputala ndi maonekedwe a masamba. Zipangizo zake zinali kompyuta yokhala ndi Microsoft Word, pulogalamu ya Zotero yosunga ndi kusanja maina a mabuku, imene salipiritsa, kabuku ka malangizo kochokera ku dipatimenti yake, ndi malamulo a kalembedwe ka mapepala a kafukufuku otchedwa APA, a m'buku lachisanu ndi chiwiri lomwe linatuluka mu 2019. Ndalama sizinalowe zambiri pa ntchitoyi kupatula zosindikizira, koma nthawi inalowa yochuluka, ndipo yambiri inathera pomasula zimene zinachitidwa pamanja.

3 Malichi: kuona fayilo momwe ilili

Tisanakhudze chilichonse tinapanga kope la fayiloyo n'kulisunga padera, ndipo mafayilo onse otsatira tinawapatsa mayina oyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti azidzindanda okha m'foda malinga ndi nthawi imene anasungidwa. Kenako tinadina Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zionekere, ndipo apa m'pamene matenda a pepalalo anaonekera poyera. Mitu inafika pakati pa tsamba chifukwa chokankhidwa ndi timipata tambirimbiri. Chaputala chilichonse chinayamba patsamba latsopano chifukwa batani la Enter linadinidwa kambirimbiri mpaka mawu atatsetserekera kutsamba lina. Tsamba la zam'katimu linali lotayipidwa pamanja, madontho ake ndi manambala omwe, ndipo manambala angapo anali atasiyana kale ndi masamba enieni. Mitundu ya zilembo inalipo itatu, chifukwa ndime zina zinakoperedwa kuchokera m'mafayilo ena pamodzi ndi maonekedwe awo.

Chinanso chimene ambiri sachiona n'chakuti fayiloyo inali pa kukula kwa pepala la Letter, lomwe ndi masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali, pamene dipatimenti imafuna A4, ya masentimita 21 ndi 29.7. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kumasuntha mizere ndi masamba onse, choncho tinakonza zimenezi kaye.

Malangizo a dipatimenti anasiyana ndi APA m'malo awiri. APA imafuna mpata wa masentimita 2.54 m'mbali zonse zinayi za tsamba ndi mizere yotalikirana kawiri, pamene kabuku ka dipatimenti kanafuna mpata wokulirapo kumanzere pofuna kusiya malo omangira bukulo, ndi mizere yotalikirana 1.5. Tinatsatira dipatimenti, popeza ndiyo imene idzalandire ndi kuchonga pepalalo, ndipo APA tinaisiyira zonse zimene kabukuko sikanatchule. Tinalemba zosankhazi papepala limodzi kuti tisamazikambiranenso tsiku lililonse.

6 Malichi: dongosolo la mfundo

Wophunzirayo ankafuna tiyambe ndi zilembo ndi mitu chifukwa ndi zimene zimaoneka msanga, koma ndinamupempha kuti tidikire. Kukongoletsa ndime imene mawa idzasamutsidwa kapena kudulidwa ndi kugwira ntchito kawiri, monga munthu wopaka utoto khoma lomwe lidzagumulidwe.

Tinasindikiza machaputala apakati, ndipo iye analemba m'mphepete mwa ndime iliyonse chiganizo chimodzi chonena zimene ndimeyo ikuchita. Njirayi ndi yotopetsa koma sinama. Ndime imene sankatha kuifotokoza m'chiganizo chimodzi inkapezeka kuti ikusenza nkhani ziwiri, ndipo ndime zimene ziganizo zake zinafanana zinali zobwereza mfundo imodzi m'malo osiyana.

Vuto lalikulu linali m'chaputala cha zimene anapeza. Mafunso a kafukufuku wake analipo atatu, olembedwa bwino m'chaputala choyamba, koma zotsatira anazisanja motsatira momwe mafunso anadzindandira pa fomu imene anthu anayankha. Izi zikutanthauza kuti wowerenga wofuna yankho la funso lachiwiri la kafukufuku anayenera kulitolera m'malo osiyanasiyana. Tinagawanso chaputalacho m'magawo atatu, gawo lililonse n'kuyankha funso limodzi, ndipo chaputala chokambirana zotsatira tinachisanja chimodzimodzi, kuti amene akuchonga athe kuika chala pa funso, pa yankho lake, ndi pa tanthauzo la yankholo popanda kusochera.

Ndime ina ya m'chaputala chachinayi ikusonyeza bwino zimene zinkachitika. Inayamba ndi kunena chiwerengero cha anthu amene anavomereza mfundo inayake, pakati n'kufotokoza momwe anthuwo anasankhidwira, kenako n'kumaliza ndi kuyerekeza zotsatirazo ndi zimene ofufuza ena anapeza. Tinaidula patatu: chiwerengerocho chinatsala pomwepo, kasankhidwe ka anthu kanapita kuchaputala cha njira zofufuzira, ndipo kuyerekezako kunapita kuchaputala chokambirana. Palibe liwu limene linatayika, koma chilichonse chinapita kumene wowerenga amachiyembekezera. Tisanasamutse magawo akuluakulu, wophunzirayo anatumiza mndandanda wa mitu yatsopano kwa aphunzitsi omuyang'anira, ndipo anavomereza. Ndikuona kuti sitepe imeneyi si yoidumpha, chifukwa iwo ndi amene akudziwa zimene ochonga a m'phunzirolo amayembekezera.

10 Malichi: masitayilo

Tsiku limeneli tinachotsa zonse zapamanja n'kuuza kompyuta chimene chidutswa chilichonse cha mawu chili. Izi zimachitika ndi masitayilo, omwe ndi maonekedwe okonzedwa kale mu Word. Mitu ya machaputala tinaipatsa Heading 1, timitu tam'kati Heading 2, ndipo tating'ono kwambiri Heading 3. APA ili ndi misinkhu isanu ya mitu: woyamba umakhala pakati ndi zilembo zakuda kwambiri, wachiwiri kumanzere ndi zilembo zakuda, wachitatu kumanzere ndi zilembo zakuda zopendekera, pamene wachinayi ndi wachisanu imalowa mkati pang'ono n'kuthera ndi mpumiro, mawu a ndime n'kupitiriza pamzere womwewo. Pepala lathu linangofuna itatu yoyambayo. Zilembo tinasankha Times New Roman za kukula 12, ngakhale kuti APA imalolanso zina monga Calibri 11, Arial 11 ndi Georgia 11, bola mtundu ukhale umodzi m'pepala lonse.

Panabuka zovuta ziwiri. Choyamba, titasintha sitayilo ya Normal kuti mzere woyamba wa ndime uzilowa mkati ndi masentimita 1.27, mitu ya machaputala inaoneka yosunthira kumanja pang'ono, ndipo mawu a m'matebulo nawonso analowa mkati. Chifukwa chake n'chakuti masitayilo enawo amatengera zambiri kwa Normal. Tinabwezera Normal momwe inalili, n'kuika kulowa mkatiko pa sitayilo ya Body Text, imene tinaipereka kwa ndime zokhazokha. Mitu ndi matebulo zinabwerera m'malo mwake nthawi yomweyo.

Chachiwiri, ndime zokoperedwa kwina zija sizinamvere sitayilo yatsopano, popeza zinali ndi maonekedwe awoawo omatidwa pamwamba. Ctrl+Q imachotsa zoikidwa pamanja pa ndime, ndipo Ctrl+Space imachotsa zoikidwa pa zilembo. Tinayesa kaye pa kope lapadera, ndipo tinaona kuti Ctrl+Space imawongolanso zilembo zopendekera zimene zinayenera kukhala zopendekera, monga maina a mabuku ndi zizindikiro za masamu a chiwerengero. Choncho sitinasankhe pepala lonse nthawi imodzi, koma tinayenda ndime ndi ndime, tikubwezera zopendekerazo pomwe zinafunika. Apa m'pamene panapita nthawi yambiri ya tsikulo.

Mizere yopanda kanthu tinaichotsa ndi Find and Replace, posaka ^p^p n'kuika ^p (chizindikiro cha mapeto a ndime), ndipo timipata tiwiritiwiri tinatisandutsa kamodzi. M'sitayilo ya Heading 1 tinachonga Page break before, kuti chaputala chilichonse chiziyamba chokha patsamba latsopano ngakhale mawu apatsogolo pake atachuluka kapena kuchepa. Tinatsimikizanso kuti Keep with next njochongedwa pa mitu yonse, kuti mutu usamatsale wokha pansi pa tsamba mawu ake atapita kutsamba lotsatira. Zitatha izi tsamba la zam'katimu linatuluka lokha kuchokera pa menyu ya References mu Word, ndipo mu Navigation Pane tinatha kukoka mutu n'kuusamutsa pamodzi ndi mawu ake onse, zimene zinafulumizitsa kusanja kumene tinagwirizana pa 6 Malichi.

13 Malichi: manambala a masamba

Dipatimenti imafuna kuti tsamba lachikuto lisaoneke nambala, masamba oyambirira monga a kuthokoza, chidule ndi zam'katimu akhale ndi manambala achiroma ang'onoang'ono, ndipo chaputala choyamba chiyambe pa 1. Izi zimatheka pogawa fayilo ndi Section Break ya Next Page chaputala choyamba chisanayambe, kuzimitsa Link to Previous m'gawo lachiwirilo, kenako kusankha mtundu wa manambala a gawo lililonse pa Format Page Numbers. Tsamba lachikuto linabisidwa nambala ndi Different First Page.

Vuto linadza titaika tebulo lina lalikulu patsamba logona chopingasa, zimene zimafuna magawo ena awiri, lina patsogolo ndi lina pambuyo pa tebulolo. Manambala anayambiranso pa 1 pa tebulopo, n'kuyambiranso kachiwiri patsamba lotsatira, chifukwa gawo latsopano limatengera lamulo la gawo limene ladulidwako, ndipo gawo lakalelo linauzidwa kuyambira pa 1. Mankhwala ake ndi kulowa m'gawo lililonse latsopano n'kusankha Continue from previous section.

17 Malichi: matebulo ndi zithunzi

Matebulo angapo anali zithunzi zojambulidwa pa sikirini kuchokera m'pulogalamu yowerengera manambala, ndipo zilembo zake zinali zosaoneka bwino. Wophunzirayo anawatayipanso onse ngati matebulo enieni, ndipo aliyense wa ife anawerenga manambala mokweza mnzake akutsatira ndi chala pa zotsatira zoyambirira, chifukwa potayipanso m'pamene 6 amasanduka 9 popanda woona. Mwa dongosolo la APA, nambala ya tebulo imakhala pamwamba ndi zilembo zakuda, dzina lake pamzere wotsatira ndi zilembo zopendekera, mizere yoimirira sikhalamo, ndipo zofotokozera zimapita pansi. Zithunzi ndi magilafu zimatsatira dongosolo lomwelo. Pa tebulo lodutsa tsamba limodzi tinachonga Repeat Header Rows kuti mitu ya mizati ibwerenso patsamba lachiwiri.

Manambala onse tinawaika ndi Insert Caption, ndipo paliponse pamene mawu anatchula tebulo tinaikapo Cross-reference, imene imalumikiza mawuwo ndi nambala ya tebulolo. M'pepala loyamba lija munali mawu monga akuti “onani tebulo lili m'munsili”, koma titasanja machaputala ena mwa matebulowo anapezeka pamwamba kapena patsamba lina. Tebulo liyenera kutchulidwa ndi nambala yake, ndipo liyenera kutchulidwa m'mawu lisanaonekere. Zithunzi zimene zinkayandama n'kuphimba mawu tinaziika pa In Line with Text, ndipo zinakhazikika.

Pali nkhani ya ndalama apa. Tsamba la mitundu limakwera mtengo posindikiza kuposa lakuda ndi loyera, ndipo gilafu imene mizati yake imasiyanitsidwa ndi chofiira ndi chobiriwira chokha imatuluka yotuwa mofanana ikasindikizidwa popanda mitundu. Tinasintha magilafu kuti mzati wina ukhale wakuda, wina wotuwa, wina wa timizere, ndipo nambala tinailemba pamwamba pa mzati uliwonse. Motero masamba ofunika mitundu anatsala ochepa kwambiri, ndipo wowerenga amene maso ake sasiyanitsa mitundu sadzavutika.

21 Malichi: mndandanda wa mabuku

Gawo ili ndilo linali lolemera kuposa onse. Tinayamba ndi kufananiza maina otchulidwa m'kati mwa pepala ndi a pamndandanda wakumapeto, ndipo panapezeka zosiyana za mitundu itatu: olemba otchulidwa m'kati koma osapezeka kumapeto, mabuku a kumapeto amene sanatchulidwe paliponse m'kati, ndi olemba amene chaka chawo chinali china m'kati, china kumapeto. Mndandanda wa APA umasunga zokhazo zimene zatchulidwa m'pepala, choncho mabuku ongowerengedwa koma osagwiritsidwa ntchito anachotsedwa.

Tinalowetsa zonse mu Zotero. Nkhani za m'magazini a kafukufuku zimene zili ndi DOI, nambala yapadera yozindikiritsa nkhani pa intaneti, zinalowa mosavuta pongomata nambalayo, koma malipoti ndi mabuku akale tinawatayipa pamanja. Chofunika kudziwa n'chakuti pulogalamuyi imatulutsa zimene yapatsidwa, choncho chilichonse cholowa chiyenera kuwerengedwa ndi maso. Lipoti la World Health Organization linatuluka ngati “Organization, W. H.” chifukwa dzinalo linalowetsedwa m'mabokosi awiri ngati la munthu, ndipo linakonzeka titaliika m'bokosi limodzi. Maina a nkhani zina anabwera ndi zilembo zazikuluzikulu zokhazokha, pamene APA imafuna chilembo chachikulu pa liwu loyamba, pa liwu lotsatira madontho awiri, ndi pa maina enieni a anthu, malo ndi mabungwe basi.

Wophunzirayo anali atatengera malamulo ena ku mapepala akale olembedwa ndi buku lachisanu ndi chimodzi la APA. M'buku la 2019, olemba atatu kapena kuposerapo amatchulidwa ndi dzina la woyamba lotsatiridwa ndi “et al.” kuyambira pa kutchula koyamba, mndandanda wakumapeto umalemba maina mpaka 20, mzinda wa wosindikiza buku sulembedwanso, ndipo DOI imalembedwa ngati adiresi yoyamba ndi https://doi.org/. Wolemba mmodzi amene ali ndi ntchito ziwiri za chaka chimodzi amasiyanitsidwa ndi zilembo a ndi b pambuyo pa chakacho, ndipo chopanda chaka chimalembedwa “n.d.”. Mawu ogwidwa ndendende ayenera kukhala ndi nambala ya tsamba limene achokera, ndipo akakwana 40 kapena kuposa amaima paokha, olowa mkati ndi masentimita 1.27, opanda zizindikiro zogwira mawu. Pamndandanda, mzere woyamba wa buku lililonse umayambira m'mphepete, yotsatira n'kulowa mkati ndi muyeso womwewo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mfundo zingapo zimene wophunzirayo anazitchula ndi dzina la wolemba yemwe buku lake sanalione, koma anangomupeza akutchulidwa m'nkhani ya munthu wina. Ichi si cholakwa cha maonekedwe chabe, chifukwa chimauza wowerenga kuti munthu wawerenga chimene sanawerenge. Iye anafufuza zolemba zoyambirirazo, ndipo zimene anazipeza anaziwerenga n'kuzitchula moyenera. Pa imodzi mwa izo anaona kuti wolemba woyambayo ananena zocheperapo kusiyana ndi zimene anamunenera, ndipo anakonza chiganizo chake. Zimene sanazipeze anazilemba ndi “as cited in”, n'kuika pamndandanda nkhani yokhayo imene anaiwerengadi.

26 Malichi: ndemanga za aphunzitsi

Aphunzitsi omuyang'anira anabweza fayilo ndi Track Changes, njira ya Word yoonetsa zonse zimene zasinthidwa. Anapempha kuti gawo lina la chaputala chachiwiri lipite kutsogolo, tebulo limodzi lichotsedwe, ndipo mabuku awiri awonjezeredwe. Pa fayilo yoyamba ija zimenezi zikanafuna kutayipanso zam'katimu, manambala a matebulo ndi mndandanda wa mabuku. Pano tinakoka mutuwo mu Navigation Pane, n'kuchotsa tebulolo, kenako tinadina Ctrl+A ndi F9, ndipo zam'katimu ndi manambala a matebulo zinadzikonza. Mndandanda wa mabuku unadzikonzanso titalowetsa awiri atsopanowo ndi Zotero.

Panatsala chilema chimodzi. Pamalo pamene mawu ankatchula tebulo lochotsedwalo panatuluka uthenga wakuti “Error! Reference source not found.” ndi zilembo zakuda. Tinasaka liwu lakuti Error m'fayilo yonse, n'kulembanso chiganizocho. Kusaka kumeneku n'koyenera kuchitika nthawi iliyonse mukadina F9, chifukwa uthengawu umabisala pakati pa ndime ndipo umasindikizika monga mawu ena onse.

Chidule chinalembedwa tsiku lomweli, pepala lonse litakhazikika, popeza chakale chinkalonjeza zinthu zimene machaputala sanachite. Malire ake anali mawu 250, ndipo chinanena vuto, njira, zimene zinapezeka ndi tanthauzo lake, popanda kutchula mabuku a ena.

30 Malichi: PDF ndi kusindikiza

Tinavomereza zosintha zonse, tinafufuta ndemanga, ndipo tinatsimikiza kuti Track Changes njozimitsa. Kenako tinapanga kope lina n'kudina Unlink Citations mu Zotero, kuti maina a olemba asanduke mawu wamba amene sangasinthe pa kompyuta ina. Zimenezi sizibwezeka, n'chifukwa chake zimachitika pa kope lokha. Kopelo tinalisandutsa PDF, popeza fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda mtundu wa zilembo womwewo mizere imasuntha, pamene PDF imasunga masamba momwe alili.

Tisanasindikize zonse tinatulutsa masamba ochepa oyesera: lachikuto, la zam'katimu, logona chopingasa lija, ndi limodzi la gilafu. Mpata wakumanzere unatuluka wosiyana ndi umene tinaika, chifukwa makina osindikizira anali pa Fit, zimene zimachepetsa tsamba lonse pang'ono. Titasankha Actual size muyeso unakwana, ndipo tinautsimikiza ndi rula. Tsamba logona linafunika kuliika kuti mutu wa tebulo uloze kumene bukulo limangidwire. Powerenga papepala wophunzirayo anapezanso kamutu kamodzi kamene kanali kolembedwa ndi zilembo zakuda pamanja m'malo mwa Heading 2, n'chifukwa chake sikanaoneke pa zam'katimu. Tinakakonza m'fayilo yaikulu, n'kupanganso kope ndi PDF kuchokera pamenepo.

Zotsala ndi kusaina tsamba lolumbira kuti ntchitoyi ndi yake, kulandira siginecha ya aphunzitsi omuyang'anira, ndi kumangitsa makope amene dipatimenti ikufuna. Fayilo yaikulu ya Word, imene idakali yolumikizana ndi Zotero, yasungidwa pa kompyuta, pa fulashi ndi pa intaneti, chifukwa ochonga akadzapempha zosintha tidzayambira pa imeneyo.